Kodi ndipitirize kugula Hilux, kapena ndikungolipira dzina?

Funso lachokera kwa mlimi wina wa ku Santhe, m'boma la Kasungu. Akuti malemu bambo awo ankayendetsa Toyota Hilux, iwonso ayendetsapo ziwiri, ndipo ya panoyi, ya injini ya 2.5 D-4D, yayamba kutopa. Amanyamulira feteleza, chimanga ndi fodya wopita ku okushoni ya Chinkhoma. Alamu awo akuwaseka kuti akungolipira dzina, poti ndalama yomweyo ingawagulire Ford Ranger kapena Isuzu D-Max yatsopanoko ndi zaka ziwiri kapena zitatu. Ndiye akufunsa: kukakamira mtundu umodzi wa pikapu n'nzeru, kapena n'chizolowezi chongotengera kwa makolo?

Yankho

Bambo, alamu anuwo musawakwiyire, sakunama. Hilux yogwiritsidwapo kale ntchito imagulitsidwadi pamtengo wokwera kuposa zinzake za chaka chomwecho, ndipo gawo lina la ndalamayo ndi la dzina basi. Chimene sanakuuzeni n'choti dzinalo nanunso mudzaligulitsa tsiku limene mudzatope nayo. Koma zimenezo tizifika.

Pa zaka zoposa 20 zimene ndakhala ndikugona chagada pansi pa galimoto za eni, ndaona kuti okakamira mtundu umodzi alipo magulu awiri. Ena ali ngati ochemerera Maule ndi Manoma: timu yawo ikagonja wolakwa ndi woyimbira, pikapu yawo ikafa wolakwa ndi makaniko. Amenewo ndinasiya kukangana nawo, ndimangowakonzera n'kulandira ndalama yanga. Ena amakakamira chifukwa anawerengera, ngakhale kuti sanalembe papepala. Ndikuganiza kuti bambo anu anali a gulu lachiwirili. Funso n'lakuti masamu awowo akugwirabe ntchito lero kapena ayi.

Tiyambe ndi tsiku limene pikapu yafera pamsewu wafumbi, mutasenza feteleza, kumwamba kutada. Amene adzakupezeni pamenepo si katswiri wa ku Lilongwe wa kompyuta m'manja. Adzabwera mnyamata wa pamsika, pa kabaza, atakoleka kachikwama ka masipanala. M'kachikwamamo muli 10, 12, 14, 17 ndi 19, chifukwa mabawuti a galimoto za ku Japan amayendera manambala amenewo. Galimoto zotsatira kapangidwe ka ku Ulaya ndi ku America zimakonda 13, 15, 18 ndi timabawuti ta mutu wa nyenyezi. Muli pakhonde nkhaniyi ndi yoseketsa, koma mvula ikayamba kudontha pamatumba aja siseketsanso. Ndipo si masipanala okha. Mnyamatayo anaphunzira ntchito pa injini za Toyota, amadziwa kulira kwake ikakhala bwino ndi kutsokomola kwake ikayamwa mpweya m'paipi ya dizilo, ndipo akaika khutu amayamba kale kuganiza pomwe payenera kumasulidwa.

Chifukwa chake anthu ambiri sachiganizira. Ndi maminibasi. Injini za 3L ndi 5L zimene zinali mu Hilux za nthawi ya bambo anu zinalinso mu Hiace zambiri zonyamula anthu. Injini yanu ya 2.5 D-4D, imene ife timaitchula kuti 2KD, ilinso mu Hiace za m'badwo wotsatira. Ya 3.0, ya 1KD, ili mu Fortuner ndi Prado. Ndiye wogulitsa masipeya ku Biwi mu Lilongwe, kapena ku Ndirande ndi ku Limbe, akaitanitsa ma ring, ma gasket kapena pampu ya madzi, amadziwa kuti sizikhalitsa pashelefu: akalephera kugula wa pikapu, agula wa minibasi. Onjezanipo galimoto zimene boma, mabungwe ndi maesiteti akhala akugula n'kudzazigulitsa zikakalamba, ndi zina zochita ngozi zimene zimaphwasulidwa n'kugulitsidwa chiwalo chimodzichimodzi. Zonsezi zimadyetsa pikapu yanu inu osadziwa.

M'dziko limene ndalama zakunja zimapezeka bwino, mfundo imeneyi ikanakhala yopepuka. Kuno ndi yolemera. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kudzagwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo aliyense woitanitsa katundu kunja akudziwa mmene kupeza madola kumavutira. Sipeya imene ili kale pashelefu ku Kasungu ndi sipeya yoti ichoke ku Johannesburg, idutse Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka pa Mwanza, ndi zinthu ziwiri zosiyana, ngakhale mtengo utafanana.

Chaka china m'galaja mwanga munagona pikapu yokongola kwambiri, mtundu wake sinditchula. Chinafa ndi kasensa kakang'ono ngati chala chachikulu cha kumanja. Injini inali bwinobwino, matayala atsopano, mipando yachikopa. Tinafunsa m'mashopu onse amene ndimawadziwa, osakapeza. Koyamba kubwera pa basi kanali kolakwika, pulagi yake ya mano atatu m'malo mwa anayi. Pofika kachiwiri panali patatha milungu isanu ndi iwiri, udzu utamera kuzungulira matayala, nkhuku ya mlonda itaikira mazira pansi pa difu. Mwiniwake nthawi yonseyo ankalipira galimoto za eni kuti zimusamutsire soya. Ndalama imene anapulumutsa pogula inathera m'menemo. Galimotoyo sinali yoipa. Inangokhala mlendo m'dera limene ilibe abale.

Za kugulitsa zija nazi. Hilux yotopa ngati yanuyo mukangoilengeza, mafoni ayamba kulira tsiku lomwelo, chifukwa wogulayo nayenso akuwerengera masamu omwewa a masipeya ndi amakaniko. Choncho ndalama yeniyeni imene pikapu imakudyerani ndi imene munagulira, kuchotsapo imene mudzagulitsire, kuphatikizapo zokonzetsa ndi masiku amene inakhala chiimire ntchito ikudikira. Alamu anu akuyang'ana nambala yoyamba yokhayo.

Mpaka pano ndakhala ngati ndili kumbali yanu. Tsopano mundipirire.

Hilux imene inapanga mbiri si imene mukagule mawa. Dzinali linayamba mu 1968 ku Japan, ndipo mbiri yoti siifa inakula ndi galimoto za m'ma 1980 ndi 1990. Mu 1987 asilikali a dziko la Chad anathamangitsa asilikali a Libya atakwera mapikapu a Toyota m'chipululu, mpaka nkhondoyo anthu anaipatsa dzina la kampaniyo. Mu 2003 pulogalamu ina ya galimoto ya pa BBC inamiza Hilux yakale ya dizilo m'nyanja, kuiyatsa moto, n'kuiika padenga la nyumba yosanja imene inagwetsedwa ndi mabomba, koma makaniko ataigwiragwira inalira. Nkhani zimenezi ndi zoona, ndipo ogulitsa amazikonda. Koma injini za nthawi imeneyo zinali zachikale, zopanda kompyuta, za pampu yoyendera zitsulo zokhazokha. 3L ya malita 2.8 inalibe turbo, inkakwera chitunda ngati ng'ombe yokoka ngolo, koma inkameza dizilo wamtundu uliwonse osadandaula. Tsobola wakale sawawa, Bambo. Mbiri ya 3L singakutetezereni injini ya masiku ano.

Kuyambira m'ma 2005 Hilux inalowa m'dongosolo la common rail, ndiye D-4D yanuyo, ndipo kuyambira 2015 kunabwera injini za GD, za malita 2.4 ndi 2.8, zimene ku South Africa amazilemba kuti GD-6. Ranger ndi D-Max za zaka zimenezi nazonso ndi common rail. Mu injini zotere dizilo amapopedwa ndi mphamvu yoposa mabar 1,000, pamene tayala lanu mumalipopa mabar awiri kapena atatu okha, ndipo amatulukira pa timabowo ta injekita topyapyala ngati tsitsi. Kamchenga kamodzi, kapena madzi odzadza supuni, n'zokwanira kuwononga zinthu za ndalama zambiri. Dizilo wosakaniza ndi palafini ndiye woipitsitsa, chifukwa pampu imadalira dizilo yemweyo kuti zitsulo zake zisakhulane, ndipo palafini alibe kuterera kumeneko. Nthawi imene mafuta ankasowa m'mafilling station, anthu n'kumagula a m'zigubu m'mbali mwa msewu, m'galaja mwanga munadzaza mapikapu a mitundu yonse odwala matenda amodzi. Chigubu sichiwerenga dzina lolembedwa pa boneti.

Ndiye ngati mukukakamira Hilux poganiza kuti idzapirira nkhanza zimene ya bambo anu inkapirira, pamenepo alamu anu apambana.

Toyota nayonso ili ndi zilema zake zodziwika, ndipo wokonda mtunduwu ayenera kuzidziwa kuposa wina aliyense. Pa 1KD, timawashala ta pansi pa mainjekita tikayamba kudontha, mwaye umalowa mu oyilo n'kukatseka kasefa koyamwira oyilo pansi pa injini. Mwini galimoto samva kanthu mpaka tsiku limene injini yauma n'kugwirana. Injini za KD zimayendera timing belt yofunika kusintha pa makilomita 150,000, ndipo ndaonapo ambiri akungozimitsa nyali ya T-BELT pa dashibodi lamba osasintha. Za GD zili ndi tcheni m'malo mwa lamba, koma zinabwera ndi nkhani ina: mu 2022 khoti la ku Australia linagamula kuti Hilux, Fortuner ndi Prado zogulitsidwa m'dzikomo pakati pa 2015 ndi 2020 zinali ndi vuto pa DPF, sefa ya mu ekizozi yogwira mwaye. Izi zikukukhudzani ngati mukuganiza zoitanitsa pikapu yochokera ku Britain kapena maiko ena a malamulo okhwima a utsi. DPF imafuna dizilo woyera ndi maulendo ataliatali othamanga kuti iwotche mwaye wake. Ulendo wa kumunda ndi kubwerera, pa giya yachiwiri, umaitseka. Za ku Britain muziyang'anenso kunsi, chifukwa kumeneko amathira mchere m'misewu nyengo yozizira ndipo chasisi imadyeka ndi dzimbiri utoto wapamwamba ukuwalabe. Paja chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere.

Kutchuka kulinso ndi msonkho wake wina. Masipeya achinyengo amachuluka pa galimoto imene ili ndi ogula ambiri, ndipo fyuluta ya dizilo yabodza, ya m'kabokosi kofiira kooneka ngati kenikeni, yapha mainjekita ambiri kuposa msewu uliwonse wa m'dziko muno. Akuba nawonso amakonda galimoto yosavuta kugulitsa ziwalo. Ndipo ogulitsa ena, podziwa kuti dzina ligulitsa lokha, amabweza makilomita m'mbuyo n'kupaka polishi pa chinthu chimene chinatha kalekale.

Kunena za mayinawa, pali china chimene chimandiseketsa ndikamamva anthu akulumbira pa chizindikiro. Mazda BT-50 kwa zaka zambiri inali Ford Ranger yovala malaya ena, ndipo kuyambira 2020 ndi Isuzu D-Max yovala malaya ena. Volkswagen Amarok yatsopano imapangidwa mu fakitale ya Ford ku Silverton, mu Pretoria, pamodzi ndi Ranger. Mercedes-Benz inayesapo kugulitsa pikapu yotchedwa X-Class pakati pa 2017 ndi 2020, koma pansi pake panali Nissan Navara. Munthu atha kunyoza galimoto ya mnzake pabawo osadziwa kuti injini zawo zinabadwa m'nyumba imodzi. Ngakhale zitatu mukuziyerekezazi ndi zoyandikana kochokera: zambiri zimene zimafika kuno kudzera ku South Africa, Hilux imachokera ku Prospecton mu Durban, Ranger ku Silverton, D-Max ku Gqeberha, mzinda umene kale unkatchedwa Port Elizabeth. N'chifukwa chake ine ndimauza anthu kuti azifunsa dzina la injini asanafunse dzina la galimoto.

Pa ziwiri zimene alamu anu atchula, maganizo anga ndi awa. Isuzu ndiyo ili pafupi kwambiri ndi zimene mumazifuna. Ndi kampani ya malole ndi injini za dizilo, ndipo KB yakale, imene ku South Africa inasintha dzina kukhala D-Max mu 2018, alimi ambiri anaidalira monga mmene bambo anu anadalirira Hilux. Injini ya 4JB1 ya malita 2.8 inalinso m'timalole ta Isuzu timene timanyamula mchenga ndi njerwa m'matauni mwathu, ndipo 4JJ1 ya malita 3.0 ilinso m'malole ang'onoang'ono a masiku ano. Ndiye nayo ili ndi abale, ngakhale kuti mudzi wake ndi wocheperako. Mabawuti akenso ndi a manambala a mnyamata wa pa kabaza uja.

Ranger ndi nkhani ina. Pa phula ndi yokoma kuyendetsa, ya 3.2 ya masilinda asanu ija imakoka ngati yakwiya, ndipo munthu woyenda pa M1 pakati pa Lilongwe ndi Mzuzu mlungu uliwonse amafika msana uli bwino, pamene Hilux yopanda katundu imadumphadumpha ngati mwana wa mbuzi. Koma imafuna makaniko woidziwa. Chitsanzo chimodzi: pa injini za 2.2 ndi 3.2, posintha oyilo sitisiya injini ili yopanda oyilo kupitirira mphindi 10, chifukwa pampu yake itha kulephera kuyamwanso. Makaniko wozolowera Toyota amamasula bawuti ya pansi n'kupita kukadya chipisi, kuti oyilo akhe yense. Chizolowezi chabwino pa galimoto ina chimapha inzake. Mukanakhala ku Area 47 ndikanati yesani. Ku Santhe ndikukayika.

Palinso chuma china chimene muli nacho chimene simunachitchule m'kalata yanu, ndicho zimene manja ndi makutu anu aphunzira. Mwayendetsa Hilux ziwiri. Mukudziwa kupopa kapampu ka pamwamba pa fyuluta mpweya ukalowa, mukudziwa nyali yochenjeza za madzi mu dizilo, mwina m'nkhokwe muli kale sitata yakale, malimu awiri ndi masipuling'i otsala. Makaniko wanu amakukongozani chifukwa akudziwa kuti mubweranso. Mukasintha mtundu, zonsezi mumayambiranso pa ziro, ndipo sukulu ya galimoto fizi yake ndi yowawa. Ichi ndi chifukwa chomveka chokhalira pomwe muli, ndipo si manyazi kuchinena pamaso pa alamu.

Kumbali ya katundu ndiye ndikudzudzuleni pang'ono, poti ndikudziwa mmene alimi timachitira. Pikapu ya single cab inapangidwira katundu wa pafupifupi tani imodzi, ndiwo matumba 20 a makilogalamu 50. Double cab ikadzaza anthu asanu m'kati, malo a katundu amatsika kwambiri. Anthu amakweza matumba 35, n'kukawonjezera masipuling'i kwa wowotcherera kuti isagwade, ndipo amati vuto latha. Kulemerako kumangosamukira pa chasisi, pa ma bearing ndi pa mabuleki. Chasisi yopindika kuseri kwa kabini ndaiona pa mitundu yonse itatu. Ngati ntchito yanu yakula kufika pa matumba 30 ulendo uliwonse, funso lanu lisakhalenso la Hilux kapena D-Max, muyambe kuyang'ana kalole ka matani awiri kapena atatu.

Mukandifunsa kuti ndisankhe ine, ndinganene kuti kwa mlimi wa kwanuko Hilux ikadali patsogolo, D-Max ikutsatira pafupi kwambiri. Koma pakati pa Hilux yosadziwika mbiri yake ndi D-Max ya mwini mmodzi yokhala ndi mabuku a sevisi, tengani D-Max osayang'ana m'mbuyo. Pa galimoto yakale, mmene anaisamalirira zimaposa dzina, zimaposanso chaka.

Musanatulutse ndalama, chitani kafukufuku wa tsiku limodzi amene sadya kanthu. Pitani pa Kasungu boma, lowani m'mashopu atatu a masipeya, ndipo pa galimoto iliyonse mwa zitatuzi funsani mtengo wa fyuluta ya dizilo, kilatchi, ball joint, pampu ya madzi ndi injekita imodzi. Pa chilichonse funsaninso kuti chilipo lero kapena chibwera liti. Lembani mayankhowo, mukawaonetse alamu. Ngati D-Max yapezeka ndi zonse zisanu pashelefu, ndiye kuti dera lanu lasintha kuposa mmene ine ndikulidziwira, ndipo mutsatire pepalalo.

Tsiku lokaona galimoto, fikani m'mawa injini isanalizidwe, muigwire ndi dzanja kuti mutsimikize kuti ndi yozizira. Wogulitsa amene waitenthetsa kale inu musanafike ali ndi chimene akubisa. Ikalira, tsegulani chotsekera oyilo n'kuchisiya pakamwa pake: chikamavina n'kukankhidwa ndi utsi, ma ring atha. Yerekezani makilomita a pa dashibodi ndi kutha kwa mphira wa pa kilatchi ndi chiwongolero. Gwadani muone chasisi pakati pa kabini ndi bodi, ngati pali zowotcherera zatsopano kapena utoto wakuda wopakidwa dzulo. Ngati ndi ya 4x4, ilowetseni pa fumbi muimve ikugwira. Lipirani munthu wa kompyuta awerenge mainjekita onse, ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi injekita imodzi. Nambala ya chasisi ifanane ndi ya m'mapepala, ndipo ngati inalowa kuchokera ku South Africa, onani zikalata za MRA ndi za apolisi musanapereke ngakhale chikole.

Za yanu yatopayo, simunandiuze kuti kutopa kwake n'kotani. 2KD ndi injini yopirira, ndipo kawirikawiri imene mwiniwake akuti yatha imakhala kuti yatha mainjekita, turbo kapena ma bush a kutsogolo, pamene mtima wake ukadali wamoyo. Kaipimitseni compression, ndiyo mphamvu imene injini imapanikizira mpweya, pa masilinda onse anayi, ndipo makaniko atsitse sampu, chiwiya cha oyilo cha pansi pa injini, aone kasefa ka oyilo. Ngati manambala ali pafupipafupi ndipo chasisi ndi yowongoka, mundilemberenso ndi manambalawo tiwerengere mtengo woikonza musanaitsatse.